Theka Lomwe Aphunzitsi Anadula

Aphunzitsi anaphunzitsa chinenero pa sekondale imodzimodzi kwa zaka makumi atatu, ndipo atapuma ntchito dzina la ntchitoyo linawakakamira. Aneba ankawatchula choncho, adzukulu awo chimodzimodzi, ngakhale mayi a kunyumba kwawo akapsa mtima ankati, "Aphunzitsi, pano si m'kalasi." Dzina lawo lenileni linangotsala pa makalata a kuchipatala.

Sanali munthu wokhala manja lende. Mbiri inawanda yoti bamboyo amadziwa kulumikiza mawu, ndipo anthu ouma pakamwa anayamba kugogoda pakhomo pawo. Kunkabwera bambo wa mkwatibwi woopa kuchita chibwibwi pamaso pa apongozi, kapitawo wotsanzika ku fakitale, ngakhale munthu wosankhidwa kuyankhula pa maliro a mnzake amene sankamwerana naye madzi. Onsewo Aphunzitsi ankawalandirira m'kachipinda ka kumbuyo, momwe munali tebulo la mwendo umodzi waufupi, mashelefu awiri a mabuku odyeka ndi njenjete, ndi zenera loyang'ana khoma la aneba. Ankamvetsera, kufunsa mafunso awiri atatu, n'kumuuza munthu kuti abwere mkuja.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kamodzi. Ankayamba kulemba ndi inki yakuda zonse zimene zili kumtima. Akatero ankaimirira pakati pa chipinda, kukoka mpweya, n'kuwerenga chiganizo chilichonse mokweza. Mpweya ukathera panjira, ndiye kuti chiganizocho chalakwa, ndipo pensulo yofiira inkachita ntchito yake. "Munthu woimirira padzuwa samva mawu opitirira mpweya umodzi," ankatero. Lamulo limeneli ankalinyadira kwambiri, moti ankaliuza ngakhale anthu amene sanawafunse.

Koma munthu amene anawafikitsa pomwe anafikapo sankayankhulayankhula. Anali achemwali awo, aakulu kwa iwo ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo awo atamwalira, achemwaliwo anasiya sukulu n'kukhala pa makina osokera kuti mlongo wawo aphunzire. Yunifolomu, mabuku, nsapato zoyamba, zonse zinachokera m'miyendo yopalasa makina aja. Ngakhale jekete yotuwa imene Aphunzitsi ankavala pa zochitika zonse anaisoka ndi iwo, chaka chimene mlongo wawoyo analandira kalasi yake yoyamba.

Achemwali ankasokera pakhonde la masitolo akale, mu msewu wa kuseri kwa depoti. Kumanja kwawo kunali wosoka nsapato ndi kawailesi kake kosazima, kumanzere wokonza mawotchi, chapatsogolo mayi wogulitsa mabatani ndi mazipi. Pansi pa makina pankakhala thumba lalikulu la zigamba, tizidutswa ta nsalu tosonkhanitsidwa kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Munthu akabwera ndi chovala cha mtundu uliwonse, achemwali ankangopisa dzanja m'thumbamo mpaka m'chigongono n'kutulutsa kansalu kofanana nacho. Loweruka lililonse m'mawa Aphunzitsi ankapita kukakhala pa kampando pakhondepo. Iwo ankayankhula, achemwali ankasoka, mapini ali kukamwa. Umenewo ndiwo unali ubale wawo, ndipo unkawakwanira onse awiri.

Tsiku lina galimoto yaikulu inatseka kanjira ka kwa Aphunzitsi, moti wokankha wilibala anachita kubwerera. Munatuluka mwini mabasi ambiri a mumzindamo, amene anthu ankangomutchula kuti Wamabasi. Aphunzitsi anamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mwana wa m'kalasi mwawo, wa pa benchi ya kumbuyo, amene chimangirizo chake sichinkapitirira mizere isanu. Tsopano ankafuna kukhala meya.

"Aphunzitsi, mundithandize," anatero atakhala pa mpando wa alendo, mimba itatsamira tebulo. "Anthu ndili nawo, magalimoto ndili nawo. Koma ndikakwera pa nsanja, pakamwa pamauma gwa. Ndikangoti ndiyambe, anthu amatulutsa mafoni."

Pamenepo munthu wanzeru akanafunsa kuti, kodi umeyawo ukufuna ukachite nawo chiyani? Bambo wa mkwatibwi Aphunzitsi ankamufunsa mafunso, woyankhula pa maliro ankamufunsa mafunso, koma uyu sanamufunse. Mtima wawo unali utathamangira kale ku bwalo lodzaza. Zaka zonsezi mawu awo ankamveka kwa anthu makumi anayi, theka la iwo akusinza. Anavomera Wamabasi asanamalize n'komwe kupempha, ndipo anagwirizana kuti nkhaniyo ikhale ya awiriwo.

Masabata oyamba sizinayende. Analemba za mbandakucha watsopano, za ngalawa yofuna woongolera, za mlatho wopita ku tsogolo. Anali mafanizo ogwiragwira, oti aliyense wofuna mpando anawagwiritsapo kale ntchito, ndipo anthu ankaombera m'manja mwaulemu chabe, ngati mmene amachitira mwana wa mnzawo akalakatula ndakatulo. Aphunzitsi anayamba kuwonda nazo.

Loweruka lina anapita kukhonde kuja atanyamula jekete yawo, itang'ambika pa chigongono cha kumanja. Achemwali anaitembenuza, n'kuiyang'ana padzuwa, n'kukoka nsaluyo ndi zala ziwiri. Inang'ambikanso pang'ono.

"Apa pavunda, achimwene," anatero atachotsa mapini kukamwa. "Ndikasoka pomwepa, ulusi udzangong'amba nsalu. Povunda sipasokedwa, pamadulidwa mpaka ufike polimba."

Anakoka thumba lija n'kuyamba kufufuza, akupitiriza kuyankhula ngati akudziuza okha.

"Koma sizasi suigwira chigamba usanachipeze. Uyambe wapeza kansalu kofanana, ukayeze, ukaike pambali, kenako udule. Ukadula ulibe chotsekera, mwini wake wamuvula."

Apa Aphunzitsi anamva fanizo limene ankalisowa. Anatulutsa kabuku kawo n'kulemba msangamsanga. Achemwali anawayang'ana pamwamba pa magalasi koma sanafunse, chifukwa mlongo wawoyo kulembalemba anazolowera.

Masana omwewo, m'kachipinda kaja, inki yakuda inalemba kuti: "Mzinda wathu ndi chovala chong'ambika, ndipo povunda sipasokedwa, pamadulidwa, koma telala wanzeru sagwira sizasi asanapeze chigamba, chifukwa wodula alibe chotsekera amavula mwini chovala." Aphunzitsi anaimirira, anakoka mpweya, anawerenga. Mpweya unathera pa "pamadulidwa". Anayesanso atamasula lamba, unathera pomwepo. Ndipo anaona kuti pamenepo ndi pomwe manja a anthu adzafune kuomba. Zotsatirazo zinali zoona, inde, koma zinali zoziziritsa manja. Anatenga pensulo yofiira n'kukhwatcha kuyambira pa "koma" mpaka kumapeto, mzere umodzi wowongoka bwino. Zonsezi sizinatenge ndi mphindi imodzi yomwe.

Tiwachitire chilungamo. Polemba za povunda, iwo ankaganiza za maofesi a mzinda, kumene fayilo ya munthu inkasowa mpaka atapereka kangachepe. Koma zimenezo sanazilembe. Ankadziwa, ndipo ankaphunzitsa ana m'kalasi, kuti fanizo labwino limasiya malo oti womvera aliyense aikemo mdani wake. Anasiya malowo dala, n'kudzitama kuti ndi luso.

Msonkhano unachitika Lamlungu masana pa bwalo la mpira. Wamabasi anakwera pa nsanja atanyamula malaya ong'ambika, monga mmene Aphunzitsi anamulangizira. Anawakweza m'mwamba, anakoka mpweya, n'kunena chiganizo chija. Bwalo linaphulika.

"Povunda titani?" anakuwa Wamabasi.

"Tidule!"

"Sindikumva! Povunda titani?"

"Tidule!"

Aphunzitsi anali kumbuyo, pafupi ndi mpanda, atavala jekete ya chigamba chatsopano. Misozi inalengeza. Tisawabisire, tsiku limenelo anasangalala kuposa tsiku la ukwati wawo. Pobwerera anamva makondakitala, ana asukulu, amayi a pamsika, onse akufunsana kuti povunda titani, ndipo ankafunitsitsa kugwira munthu paphewa n'kumuuza kuti mawuwo anachokera m'kachipinda kawo. Zoti anachokera pakhonde la achemwali sizinawabwerere m'mutu.

Loweruka lotsatira anapeza wosoka nsapato akukhoma chidendene motsatira mawu omwewo, kawailesi kake kakubwereza zimene Wamabasi ananena. Achemwali anali ndi mapini kukamwa. Anangofunsa ndi maso ngati chigamba chikugwira bwino. Aphunzitsi anati chikugwira, n'kuyamba nkhani ya mvula. Anadziuza kuti achemwali sanazindikire kanthu, poti munthu amene wakhala akusoka moyo wake wonse sangakumbukire zonse zimene wanena pa jekete imodzi.

Wamabasi anapambana mosavuta. Patatha miyezi isanu, pa zipilala za khonde lija panamatidwa mapepala. Masitolo akalewo agumulidwa pakatha masiku makumi atatu, pamangidwa depoti yatsopano. Za komwe osoka ndi okonza mawotchi apite, pepalalo silinanene. Pansi pake, ndi zilembo zikuluzikulu, panali mawu awiri: TIKUDULA POVUNDA.

Aphunzitsi anawerenga pepalalo katatu. Lolemba anavala jekete n'kupita ku ofesi ya meya. Anadikira pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, ndipo atalowa, Wamabasi anawalandira ndi manja awiri.

"Bwana meya," anayamba Aphunzitsi, "chiganizo chija sichinathere pomwe paja. Chili ndi theka lina." Anatulutsa pepala loyamba lija, la mzere wofiira, n'kuwerenga zokhwatchidwazo.

Wamabasi anamvetsera akumwetulira. "N'zokoma, Aphunzitsi. Koma n'zazitali. Si inu nomwe munandiphunzitsa kuti mpweya umodzi basi? Anthu anavotera kudula. Za zigambazi akuzimva lero ndani?"

"Pakhonde paja pali achemwali anga."

"Pepani kwambiri. Koma mukapaona bwino pamene paja, si povunda? Madenga akudontha, makoswe ali yakaliyakali. Ine ndikungochita zimene tinalonjeza." Anaimirira n'kuwagwira paphewa. "Ndipo mwabwera bwino. Depoti ikatha padzafunika mawu otsegulira. Mundikonzere."

Apa ndi pomwe Aphunzitsi amadzida kwambiri akakumbukira. Munthu amene anadzudzulapo ana zikwizikwi chifukwa choyankha mozemba, anangoti, "Ndikaganizira." Mawuwo sanawalembe, koma kukananso sanakane. Anatsika masitepe pepala lija lili m'thumba.

Katapila wogumula nyumba anabwera Lachiwiri m'mawa, malole a mzinda ali pambuyo pake. Aphunzitsi anapitako, koma anaima tsidya lina la msewu, kuseri kwa pholo la magetsi, ngati munthu wodikira basi. Anaona achemwali ndi mwana wawo wamkazi atanyamulizana mutu wa makina. Anaona wosoka nsapato akuwakokera miyendo yachitsulo ya makinawo, kawailesi kali kukhwapa. Thumba la zigamba linatsala pakhonde, kudikira ulendo wachiwiri. Aphunzitsi analiona. Kuwoloka msewu, kulisenza, kubwerera, inali ntchito ya mphindi ziwiri. Koma kuwoloka kunkatanthauza kukumana maso ndi achemwali pamaso pa malole olembedwa mawu aja pazitseko, ndipo sanawoloke. Chipilala choyamba chinagwa, denga linatsatira, fumbi linakwera. Achemwali pobwerera anapeza thumba lili pansi pa njerwa, apolisi atatchinga njira. Anaima pamenepo kanthawi manja ali m'chiuno, kenako anatembenuka n'kumapita.

Miyezi inayi inatha Aphunzitsi osaponda kwa achemwali. Loweruka likafika ankadzipezera zochita: kukonza shelefu, kusanja mabuku osanjidwa kale. Anthu ankabwerabe kudzalembetsa mawu, koma pensulo yofiira inayamba kuwalemera m'manja. Akakhwatcha mawu aliwonse ankayamba adzifunsa kuti amenewa akutchinga ndani, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inkatenga sabata. Chakudya sichinkatsika bwino. Manyazi anali kuwadya, ndipo ankadziwa kuti akuyenera kuwadya.

Kenako jekete inang'ambika pa chigongono cha kumanzere. Anapempha mayi a kunyumba kuti aigwireko ndi singano.

"Telala muli naye," anayankha mayiwo osatembenuka n'komwe. "Inu mumalembera anthu mawu oti apepesane. Anu okha ndiye akukanikani? Alamu anga akusokera kuseri kwa nyumba ngati wakuba, inu muli pano kusanja mabuku."

Aphunzitsi anachita zimene ankadziwa. Anakhala pa tebulo masiku atatu n'kulemba mawu opepesa, masamba awiri, chiganizo chilichonse chokwana mpweya umodzi. Loweruka m'mawa anapinda pepalalo, anakoleka jekete pamkono, n'kukwera basi, imene inalinso ya Wamabasi, poti zina kunalibe.

Achemwali tsopano ankakhala kwa mwana wawo, kumapeto kwa mzinda. Makina anawaika pa kakhonde ka kuseri, pakati pa chingwe choyanikira zovala ndi mgolo wa madzi, kumene munthu wodutsa mumsewu sakanawaona. Pa tebulo panali siketi imodzi yokha ya mwana wasukulu. Achemwaliwo anali atachepa thupi, ndipo pansi pa makina panali mbee.

"Mwabwera, achimwene," anatero. "Ndimayesa mwina munasamuka."

Anawakokera kampando komwe kaja. Aphunzitsi anakhala, anafunsa za miyendo, za adzukulu, kenako anatulutsa pepala n'kuimirira. Anakoka mpweya.

"Pindani pepalalo," anatero achemwali. "Ine si bwalo la mpira. Khalani pansi munene."

Anakhala. Popanda pepala, mawu anatuluka mopunduka, obwerezabwereza, ena osamaliza. Anati mawu a pa malole aja analemba ndi iwo. Anati anawatenga pakamwa pa achemwali tsiku la jekete lija. Anati tsiku logumula analipo, kuseri kwa pholo, ndipo thumba analiona.

"Ndinakuonani," anatero achemwali. "Jekete imeneyo ndinasoka ndine, ndingaisowe pa pholo? Za mawuzo ndinadziwa tsiku lomwe anatuluka pa wailesi. Poyamba ndinanyada, musaone ngati ayi. Ndinati, ine wosaphunzira, mawu anga ali pa wailesi. Ndinadikira kuti munthuyo apitirize, anene za chigamba. Sananene. Ndinati mwina mawa. Ndinakamuvotera ndikudikirabe." Anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu. "Funso langa ndi limodzi. Ndinakuuzani zonse, ndipo munalemba zonse, ndinkakuonani. Theka linalo linapita kuti?"

Aphunzitsi akanatha kunamizira Wamabasi, ndipo achemwali akanakhulupirira. Koma sanatero.

"Ndinalidula ndine."

"Chifukwa?"

"Silinkakwana mu mpweya umodzi. Anthu sakanaomba m'manja."

Achemwali sanakalipe, ndipo Aphunzitsi akanakonda akanakalipa.

"Bweretsani jeketeyo."

Anaitembenuza, anaiyang'ana padzuwa, anakoka nsalu ya pa chigongono ndi zala ziwiri. Anajambula ndi choko mozungulira pong'ambikapo, n'kutenga sizasi. Aphunzitsi anayang'ana pansi pa makina pomwe pankakhala thumba. Sizasi inayenda bwinobwino motsatira choko mpaka kansalu kovundako kanagwa pansi. Panatsala bowo loti chibakera n'kulowa. Achemwali anapinda m'mphepete mwake n'kupitapo ndi makina kuti pasapitirire kung'ambika, anadula ulusi ndi mano, anakung'untha jeketeyo n'kuipereka.

"Valani."

Anavala. Chigongono cha malaya oyera chinatulukira pabowopo.

"Zaka makumi anayi sindinadulepo chovala cha munthu ndilibe chotsekera," anatero achemwali akukokera siketi ija pa makina. "Lero ndayamba. Chigamba chofanana chinali m'thumba lija. Ndikapeza china ndidzakuuzani."

Aphunzitsi anabwerera wapansi, dzuwa lili pamutu, kudutsa pakati pa mzinda. Anadutsa pomwe panali khonde, pomwe tsopano panali mpanda wamalata ndi chikwangwani cha nkhope ya meya. Anthu ankawayang'ana pamkono, ena kuseka, mayi wina anawakodola n'kuwanong'oneza kuti bambo, jekete yabooka. Iwo anathokoza n'kupitirira, osaivula.

Mpaka pano amaivala. Mwana wawo wamwamuna anawagulira ina yatsopano, ili m'kabati ndi pepala lake. Amalemberabe anthu mawu a pa maukwati ndi pa maliro, ngakhale ena ayamba kudandaula kuti masiku ano Aphunzitsi akutalikitsa, woyankhula akumachita kupuma pakati pa chiganizo. Loweruka lililonse amakwera basi kupita kumapeto kwa mzinda, n'kukakhala pa kampando pakati pa chingwe ndi mgolo. Samayankhulanso kwambiri. Potsanzikana achemwali amagwira mkono wa jekete, kuyang'ana ngati m'mphepete mwa bowo mukugwirabe, n'kunena kuti sichinapezeke.

Mwezi wathawu, achemwali akufuna choko, anatsegula kadirowa ka makina. M'katimo munali kansalu kotuwa, kofanana ndendende, koyezedwa kale, kodulidwa bwino, mapini anayi atabayidwa m'makona. Aphunzitsi anakaona, ndipo achemwali anaona kuti akaona. Anatenga choko, anatseka kadirowako, n'kuyambanso kupalasa. Aphunzitsi sanafunse. Loweruka lotsatira anapitanso, chigongono chili pamtunda.